Mitambo ya ku Pitlochry, sabata yomaliza ya Malichi

Lachiwiri, m'sitima yochokera ku Edinburgh

Ndikulemba izi nditakhala chapazenera m'sitima, miyendo itatupa chifukwa cha maola ambiri amene ndakhala m'ndege kuchokera ku Lilongwe kudzera ku Addis Ababa ndi ku London. Mwana wanga anandichingamira ku Edinburgh, likulu la dziko la Scotland, atanyamula chikhoti chachikulu chakuda, ndipo tisanamalize n'komwe kulonjerana anati, "Amayi, valani ichi." Poyamba ndinakana, popeza panja pankaoneka dzuwa lowala bwino ndipo ndinali nditavala kale juzi imene imandikwanira mu Juni kwathu ku Thyolo. Iye sanalimbane nane, anangochikoleka pamkono pake. Titangotuluka pakhomo la bwalo la ndege, mphepo inandibaya ngati singano m'makutu ndi m'zala, ndipo chikhoti chija ndinachipempha ndekha.

Takwera sitima yopita ku Inverness pa siteshoni ya Waverley, ndipo kuti tikafike ku Pitlochry, tauni imene mwana wanga amakhala, ndi ulendo wa maola pafupifupi awiri. M'kanthawi kameneka ndaona kusintha kumene kwathu kumatenga miyezi. Tinanyamuka dzuwa likuwala, tisanafike ku Perth mvula inali ikumenya pazenera mopingasa, ndipo titadutsa Dunkeld kunayeranso moti ndinatha kuona nsonga za mapiri zili mbee ndi chipale chofewa, chimene anthu athu okhala kuno amangoti sinowo. Mitengo yambiri ilibe masamba ndipo ikuoneka ngati youma, koma msipu wa nkhosa ndi wobiriwira. Mwana wanga akuti ino ndi nyengo imene eni dziko amaitcha spring, pamene kuzizira kwa miyezi yapitayi kukutha ndipo zomera zikuyamba kuphukira.

Tiyi wa m'kapu yapepala tagula pafupifupi mapaundi atatu. Ndinamugwira ndi manja onse awiri kuti ndifunditse zala, ndipo maganizo anga anapita kwa amayi amene ndimawaona m'mamawa akuthyola masamba a tiyi m'minda ya kwathu, madengu ali kumsana. Ndatopa kwambiri, ndipo mumtima muli kamantha kakuti mwina thupi langa silipirira kuzizira kuno.

Lachitatu, Pitlochry

Tauniyi ndi yaing'ono, anthu ake safika 3,000, ndipo masitolo ake ambiri ali mumsewu umodzi wotchedwa Atholl Road. Kumunsi kwake kumadutsa mtsinje wa Tummel, kumtunda kuli phiri la Ben Vrackie limene ndimaliona ndikaima pazenera la kukhitchini. Eni nyumba atapita kuntchito, mdzukulu wanga atapita kusukulu, ndinatsala ndekha, ndipo poona kuti kumwamba kunalibe kamtambo ndi kamodzi komwe, ndinachapa zovala zonse za paulendo pamodzi ndi zitenje zanga ziwiri n'kuziyanika pachingwe kuseri kwa nyumba cha m'ma 9 koloko.

Kwathu mitambo sindiisowa. Ndakhala ku Thyolo zaka zoposa 50, ndipo m'mwezi ngati uno ndimadziwa kuti kukacha kotentha kopanda kamphepo, mitambo n'kuyamba kuunjikana cha ku Mulanje dzuwa lili paliwombo, ndiye kuti mvula igwa masana, ndipo imayamba yatumiza mabingu ndi fungo la dothi kuti munthu aanule ufa pamphasa. Ngakhale chiperoni cha mu Juni ndi Julayi chimabwera mwa dongosolo lake, chimakhala masiku awiri kapena atatu, kenako n'kupita. Ndi nzeru zimenezi zimene ndinadalira lero.

Nthawi isanakwane 10 koloko, ndili m'nyumba, ndinamva phokoso ngati munthu akuwaza mchenga pazenera. Poyang'ana panja ndinapeza kutada ngati madzulo, kukugwa matalala ang'onoang'ono oyera ndi ofewa, ofanana ndi fetereza wa urea, akudumphadumpha pakapinga. Panalibe bingu, panalibe fungo, panalibe chilichonse chondichenjeza. Pamene ndinkalimbana ndi loko wa chitseko chakuseri, amene sindinamuzolowere, ndinaona mayi wina wachikulire wa nyumba yoyandikana nafe atalowa kale pakageti ka mpanda, akuanula zovala zanga mofulumira n'kumaziponya mubasiketi. Tinathamangira limodzi m'khitchini, ndipo tisanamalize kudzipukuta kumaso dzuwa linali litatulukanso, matalala aja akusungunuka, nthunzi ikufuka pamsewu.

Mayiwa, amene ndi aakulu kwa ine, anagwira chitenje changa china n'kuyamikira maluwa ake, kenako ananditengera panja n'kundilozera kumadzulo, kumene chigwa cha Tummel chimachokera. Anati iwo sayang'ana kumwamba kwa pamutu pawo, amayang'ana mapiri a mbali imeneyo, ndipo akaona kuti phiri lakutali lazimiririka kuseri kwa chinthu chotuwa ngati utsi, amadziwa kuti atsala ndi mphindi ngati khumi zokha. Anawonjezera kuti tsiku ngati la lero ndi labwino kuyanika, chifukwa mphepo imaumitsa zovala msanga, bola munthu asatalikire nyumba. Ndinawapatsa paketi ya tiyi wa kwathu, ndipo anakondwa kwambiri nditawauza kuti amalimidwa pafupi ndi mudzi wanga.

Usiku uno ndakhala ndikukumbukira zimene ndinkaphunzitsa ana m'phunziro la jogalafe. Dziko lino lili pamene mpweya wofunda ndi wachinyezi wochokera ku nyanja ya Atlantic umakumanirana ndi mpweya wozizira wochokera kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, choncho tsiku limatengera kumene mphepo yachokera. Kumapeto kwa Malichi dzuwa limakhala litapeza mphamvu zofanana ndi za mu Seputembala, koma madzi a m'nyanja amakhala asanachoke pa kuzizira kwawo kwakukulu kwa chaka chonse, ndipo m'mwamba mumakhala mudakali mozizira kwambiri. Dzuwa likangofunditsa nthaka, mpweya umakwera mofulumira n'kupanga mtambo wautali umene umakhuthula matalala kwa mphindi zochepa, mphepo n'kuukankhira patsogolo, wina n'kubwera pambuyo pake. Zimenezi ndinkazilemba pabolodi chaka ndi chaka kwa ana amene, monga ine ndemwe, anali asanazionepo.

Lachinayi

Usiku kunalibe mitambo, nyenyezi zinali ngwee, ndipo m'mawa foni inkasonyeza madigiri 3 pansi pa ziro. Mkamwini wanga anali panja kusanache bwino, akupala madzi oundana pagalasi la galimoto ndi kapulasitiki kokonzedwera ntchito imeneyo. Ndinapempha kuti ndiperekeze mdzukulu wanga kusukulu, koma titafika pamene njira imatsetsereka miyendo yanga inayamba kunjenjemera. Msewu unkaoneka ngati wangonyowa, pamene unali woterera ngati sopo, ndipo ndinaganiza za zimene zingachitike munthu wa msinkhu wanga atathyoka m'chiuno kutali chonchi ndi kwawo. Mwanayo anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Agogo, muziponda pamene pali mchere."

Mcherewo ndi wofiirira, wokhala ngati wasakanikirana ndi timiyala. Magalimoto akuluakulu amauwaza m'misewu usiku kukamayembekezeka chisanu, ndipo m'makona ena muli mabokosi achikasu odzaza nawo kuti aliyense atape n'kuthira panjira ya oyenda pansi, popeza madzi amchere saundana msanga. Ndinaponda monga anandiuzira mwana uja, ndipo tinafika bwino.

Pobwerera ndinalowa musitolo yogulitsa kaunjika, imene ndalama zake zimathandiza osowa, ndipo ndinapeza nsapato zazitali zokhala ndi mano kunsi pamtengo wa mapaundi 8. Mayi wogulitsa anagwada n'kundithandiza kumanga zingwe, chinthu chimene chinandichititsa manyazi ndi kundikhudza mtima nthawi imodzi. Pofika masana kunali madigiri 11, anthu atakhala panja pa malo odyera, ena atavula makhoti. Maluwa achikasu otchedwa daffodil, amene m'mawa ndinawaona atawerama pansi ngati afa ndi chisanu, anali atadzuka n'kuima chilili.

Lachisanu, Ballinluig ndi Aberfeldy

Mwana wanga amagwira ntchito yosamalira okalamba ndipo lero anali ndi shifiti yaitali, choncho ndinaganiza zopita ndekha ku Aberfeldy, tauni ina yaing'ono ya m'mbali mwa mtsinje wa Tay, kuti ndisamangokhala m'nyumba ngati wodwala. Anandilembera papepala nthawi za mabasi n'kundiuza kuti ndikatsike pa Ballinluig, pamene msewu wa ku Aberfeldy umapatukira kuchoka mumsewu waukulu wa A9, ndipo ndikadikire basi ina pamenepo. Ndinanyamuka kuli kamvula kowaza kofanana ndi chiperoni, kamene sikamveka pogwa koma kamanyowetsa mpaka m'kati.

Nditatsika pa Ballinluig ndinaima mbali yolakwika ya msewu, ndipo basi imene ndinkaidikira inadutsa ndikuiona. Papepala paja pankasonyeza kuti ina ibwera patapita nthawi yoposa ola. Kanyumba kodikiriramo kanali kotsegula mbali imodzi, ndipo mbali imeneyo ndi imene mphepo inatembenukira. Kamvula kaja kanasanduka chinthu chimene sindikudziwa kuti ndingachitche chiyani m'chilankhulo chathu, chosakhala mvula komanso chosakhala sinowo, madontho olemera oundana mwatheka amene amamatirira pachikhoti n'kusungunuka. Ambulera yanga inapindikira kumwamba ndipo nthiti zake ziwiri zinathyoka. Zala zinauma moti sindinathe kutsegula foni kuti ndiimbire mwana wanga, ndipo ndivomere kuti pamenepo misozi inalengeza m'maso.

Patapita mphindi ngati makumi awiri, galimoto yakale yamatope inaima, ndipo bambo wina wa imvi anatsitsa galasi n'kufunsa ngati ndikupita ku Aberfeldy. Kwathu ndikanakwera mosaganiza kawiri, koma kuno ndinazengereza, kufikira nditaona kuti kumpando wina kuli akazi awo ndipo kumbuyo kuli galu wakuda ndi woyera atagona pamatumba a chakudya cha nkhosa. Mayiwo anatsika n'kundipatsa mpando wakutsogolo, kumene hita inkawomba bwino. Ndi alimi a nkhosa. M'njira anandifunsa kumene ndachokera, ndipo nditatchula Malawi anati mpingo wawo umalidziwa dzikolo. Bamboyo anati nyengo ya lero ndi imene amaiopa kwambiri m'chaka chonse, kuposa chisanu chouma cha mu Januwale, chifukwa kamwana ka nkhosa kongobadwa kumene kakanyowa ndi kuwombedwa mphepo kasanayamwe, kamazizidwa n'kufa m'maola ochepa. Anati m'masabata ano sagona mokwanira, amadzuka usiku kukazonda zimene zatsala pang'ono kubereka.

Ananditsitsa pakati pa tauni n'kundilozera pamene ndingapeze chakudya chotentha. Ndinafuna kuwapatsa kangachepe ka mafuta, koma mayiwo anakankha dzanja langa mofatsa. Ndinadya supu wa nyama ya nkhosa wokhala ndi balere, karoti ndi ndiwo zina zamasamba, pamodzi ndi buledi wopaka batala, zonse mapaundi 7, ndipo sindikukumbukira kuti ndi liti pamene chakudya chinandibwezera mphamvu chonchi. Nditatuluka, dzuwa linali likuwala pamadenga onyowa, utawaleza utakhazikika kutsidya kwa mtsinje. Ndinayenda mpaka pamlatho wakale wamiyala umene unamangidwa mu 1733, ndinaima pang'ono kuyang'ana madzi a Tay atadzaza ndi kuthamanga, kenako ndinabwerera kukadikira basi nthawi idakalipo yambiri, nditafunsa anthu awiri mbali yoyenera kuima.

Loweruka, Moulin

Lero mphepo yachokera kummwera chakumadzulo ndipo kwafunda mpaka madigiri 14. Tonse anayi tinayenda wapansi kukwera mtunda kupita ku Moulin, kamudzi kakale kamene kali kumtunda kwa tauni, panjira yopita ku Ben Vrackie. Anthu anali m'minda yawo ya kuseri kwa nyumba akusosa ndi kudulira maluwa, koma palibe amene ankabzala kanthu. Mkamwini wanga anandifotokozera kuti tsiku lofunda ngati ili silinyenga mlimi wa kuno, chifukwa chisanu chimatha kubweranso mpaka mu Meyi, ndipo n'chifukwa chake mbatata zake za kachewere zidakali pazenera m'makatoni a mazira, zikutulutsa timphukira, kudikira Epulo. Ndinamumvetsa bwino, popeza nafenso timadziwa kuti wobzala ndi chizimalupsa amabzala kawiri.

Kumtunda kwa mudziwo tinaima pampanda kuonerera nkhosa. Mayi aliyense ndi ana ake analembedwa nambala yofanana ndi penti pambali, kuti akasokonekera mbusa adziwe mwini mwana. Tina mwa tiana tija tinali titavekedwa timajekete tapulasitiki totchinga mvula, ndipo nditatiwona ndinakumbukira mawu a bambo wa dzulo uja. Mdzukulu wanga ankatiwerenga m'Chingerezi, ine n'kumamubwerezera m'Chichewa, ndipo anafika pa zisanu asanasokoneze.

Ben Vrackie ndi lalitali mamita 841 okha, komabe pansonga pake padakali mawanga oyera, pamene Sapitwa wa ku Mulanje, wa mamita 3,002, sindinamuonepo atavala zoyera chonchi m'moyo wanga wonse. Ndinayang'ananso m'mwamba kufuna anamzeze koma sindinaone ndi mmodzi yemwe. Amafika kuno mu Epulo kuchokera kummwera kwa Africa, ndiye kuti panopa ali m'njira, ndipo mwina ena adutsa pamwamba pa minda ya kwathu. Madzulo mng'ono wanga anaimba foni kunena kuti mvula yayamba kuchepa, chimanga cham'munda mwanga chakhwima bwino, ana akuotcha dowe ndipo maungu ayamba kukoma. Tinaphika nsima ya ufa umene ndinabwera nawo, ndiwo zake masamba otendera otchedwa kale m'Chingerezi, amene akafwafwazidwa bwino amayandikira repu.

Lamulungu

Usiku wapitawu mawotchi onse a dziko lino akankhidwira patsogolo ndi ola limodzi, monga amachitira Lamulungu lomaliza la Malichi chaka chilichonse, ndipo kusiyana kwa nthawi ya kuno ndi ya kwathu kwatsika kuchoka pa maola awiri kufika pa limodzi. Amati kuyambira lero ndi nthawi ya chilimwe. Koma nditatsegula katani m'mawa ndinapeza pabwalo, pamadenga ndi pachingwe choyanikira paja pali mbee. Mphepo inatembenukira kumpoto tili m'tulo, ndipo bungwe loona zanyengo la Met Office linali litapereka chenjezo lachikasu, louza anthu kuti asamale ndi nyengo yoipa. Pawailesi ankalangiza oyenda mumsewu wa A9 kuti asamale pa Drumochter, kumpoto kwa kuno, pamene msewuwo umakwera kwambiri.

Kanali koyamba kuti ndigwire sinowo ndi dzanja langa. Ndi wopepuka, ndipo ukamuponda amalira ngati ukuponda ufa wa mgaiwa wothinana. Chimene chinandidabwitsa kwambiri ndi bata lake, chifukwa tauni yonse inali zii, ngakhale magalimoto ankadutsa mosamveka. Mdzukulu wanga anatuluka asanadye n'komwe, akukuwa kuti, "Agogo, bwerani msanga asanasungunuke!"

Tinapita kutchalitchi cha Church of Scotland, mpingo umene unayambitsa mishoni ya Blantyre mu 1876, kumene kunachokera sinodi yathu ya CCAP. Anthu anali ochepa ndipo ambiri anali okalamba, atakhala ndi makhoti awo m'kati momwe. Nyimbo ina inali ndi maimbidwe amene ndimawadziwa kuyambira ndili mwana, choncho ndinaimba chapansipansi m'Chichewa. M'pemphero abusa anatchula alimi ndi ziweto zawo. Titatuluka, madzi anali akuchucha m'madenga ndi kuyenderera m'ngalande, ndipo pofika 3 koloko zoyera zija zinangotsala m'mithunzi ya mipanda ndi kuphiri. Kunja kwada nthawi itayandikira 8 koloko. Masiku ano kuwala kukuwonjezereka ndi mphindi pafupifupi zisanu tsiku lililonse, ndipo thupi langa, lozolowera kuti dzuwa lilowe cha m'ma 6, silikudziwa nthawi yoyenera kumva njala kapena tulo.

Lolemba

Mawa tinyamuka kupita ku Glasgow kukaona achibale ena, ndiye lero ndachapanso. Ndisanatulutse basiketi ndinaima kaye pakhonde lakuseri n'kuyang'ana kumadzulo, ndipo mapiri onse ankaoneka bwino mpaka lakutali lija. Ndinayanika, chovala chilichonse ndi mapegi atatu chifukwa cha mphepo, kenako ndinakokera mpando pafupi ndi zenera la kukhitchini n'kumasankha nyemba ndili pomwepo, nsapato zanga zatsopano zili kuphazi, chitseko ndisanachikhome.

Patapita ola ndi theka phiri lakutali lija linayamba kutuwa, kenako linasowa. Ndinatuluka n'kuanula zanga zonse, zitenje zitauma kale, majuzi okha ali ndi kachinyezi m'mikono. Poyang'ana kutsidya kwa mpanda ndinaona kuti mayi aja ayanika nsalu zapabedi ziwiri ndi matawulo, ndipo galimoto yawo panalibe. Ndinatsegula kageti kaja n'kuanula zawonso, ndipo ndinali nditangolowa nazo m'khitchini pamene matalala oyamba anayamba kugogoda pazenera. Ndazipinda bwinobwino ndipo zili pampando apa, ndikudikira kuti ndimve galimoto yawo ikufika.